Kukalamba ndi thanga m'manja

Sabata ino tiyeni tilingalire za masewera amene ambiri a ife timangowaonera pa kanema, otchedwa windsurfing. Munthu amaimirira pa thabwa loyandama pamadzi, nagwira thanga lomangidwa ku mlongoti, mphepo n'kumamukankha. Chiwongolero palibe. Mlongotiwo umapendekera mbali iliyonse, ndipo wokwerayo amakhota poupendeketsa kutsogolo kapena kumbuyo. Amene adatchukitsa lusoli ndi Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Masewerawa adalowa m'mipikisano ya Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles, ndipo amayi adayamba kupikisana nawo mu 1992 ku Barcelona.

Chimene chatichititsa chidwi ife ndi msinkhu wa akatswiri ake. Robby Naish, yemwe adakulira ku Hawaii, adapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1976 ali ndi zaka 13 zokha, ndipo atapitirira zaka 50 adali akuyendabe pamafunde. Antoine Albeau wa ku France adathamanga liwiro loposa makilomita 98 pa ola ku Lüderitz, m'dziko la Namibia, mu 2015 ali ndi zaka 43. Mu 2024, ali ndi zaka 52, adabwerera komweko nakaposa liwiro lake lomwe lija. Pa msinkhu umenewo wampira wamiyendo amakhala atapachika nsapato kalekale. Nanga n'chiyani chimawasunga anthuwa pamadzi moyo wao wonse?

Ife tikuona kuti chinsinsi chake n'chakuti masewerawa sapatsa munthu kanthu msanga. Wophunzira amatha masiku oyamba akugwa. Akakwera pa thabwa amayenera kukoka thanga lonyowa m'madzi ndi chingwe, msana ukuwawa, ndipo asanayende patali wagwanso. Akadziwa kuima, amapeza kuti mphepo siimvera munthu. Tsiku lina imasowa, iye n'kuswera pagombe. Tsiku lina imakula koposa mphamvu zake. Chinanso, thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Wofuna kupita kumeneko amayenda mokhotakhota, uku ndi uku, mpaka atafika. Munthu amene wazolowera zonsezi chikondi chake chimazika mizu, pakuti chidakula pang'onopang'ono. Asodzi a kunyanja kwathu amazidziwa izi: mwera ukakula m'miyezi yozizira, msodzi wanzeru amasoka maukonde ake kudikira kuti nyanja idekhe, ndipo usodziwo sausiya.

Tsono tidziyang'ane ife eni. Ndi angati mwa ife adayamba kuphunzira gitala n'kuisiya zala zitangotuluka matuza? Ndi angati adalowa kwaya, timu ya mpira kapena maphunziro a zaumisiri, n'kuzimiririka mwezi usanathe chifukwa wina adawadzudzula? Lero tili apa, mawa tili apo. Makolo adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Choopsa chake n'chakuti munthu amafika zaka 40 atalawa zambiri koma alibe luso ngakhale limodzi limene angalitche lake, ndipo khalidwe lothawa zovuta limamutsatira kuntchito ndi m'banja momwe.

Ena anganene kuti awa ndi masewera a anthu andalama, ndipo sakunama: thabwa ndi thanga n'zodula. Anganenenso kuti chikondi chotere chimameza munthu. Alipo amene amasamukira ku Maui kapena ku Tarifa, m'dziko la Spain, kutsatira mphepo, nakonza ntchito ndi tchuthi chao molingana ndi nyengo yake. Apa tiyenera kuchenjera ndithu. Luso limene likulanda ana chakudya kapena kusandutsa bambo mlendo pakhomo pake lasanduka goli. Koma luso losamalidwa bwino limasunga thupi lamphamvu, limapatsa munthu abwenzi okhalitsa, ndipo pa ukalamba limamupatsa choti asiyire adzukulu.

Sitikunena kuti tonse tikagule matanga ai. Tikunena kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi chabwino, kaya ndi kuimba, kuthamanga, kusema kapena kulima maluwa, ndipo alole kugwa m'madzi kambirimbiri osachitaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso loti tikambirane sabata ino nali: mwa zonse zimene tikuchita lero, n'chiti chimene tikufuna kudzachichitabe tili ndi imvi?