Aircon ikafooka musathamangire gasi

Kuno ku Thyolo tinazolowera chiperoni, koma Okutobala akafika ngakhale pakati pa minda ya tiyi ku Makwasa kumatentha ngati watsikira ku Chikwawa. N'chifukwa chake eni nyumba ena anaikitsa aircon.

Makinawa akangofooka, amisiri ena sachedwa kunena kuti gasi watha, ndalama n'kulandira. Gasiyo satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Kuthira wina osamata pobookapo n'kutungira madzi m'dengu.

Yambani mwayeza nokha. Tsekani zitseko ndi mazenera, yatsani makinawo, mudikire mphindi 15. Tengani thermometer ya m'chipinda, osati yoyezera malungo ija, muyeze mpweya umene ukulowa pamwamba pa makinawo, kenako umene ukutuluka. Wotulukawo uzizire kuposa wolowawo ndi madigiri 8 mpaka 11. Dzanja lokha limanama, makamaka ngati mwangochokera padzuwa.

Kusiyanako kukapanda kukhala kotere, tsegulani chivundikiro muone sefa. Fumbi la misewu yathu m'chilimwe limaitseka msanga, mpweya n'kumalephera kudutsa, koma mayunitsi a ESCOM akutha ndithu. Itsukeni ndi madzi, iume pamthunzi. Bokosi lakunja nalo lichotseni masamba. Likamagwira bwino limapemerera mpweya wotentha.

Madzi odontha pakapaipi kakunja asakuopseni, ndi chinyezi cha m'chipinda. Koma mukaona ayezi pamapaipi sefa ili yoyera, zimitsani muitane mmisiri, ndipo akuonetseni pamene pabooka asanatchule mtengo wa gasi.