Mwana amene satamba bola sadzaichaya

Pali bodza limene tinameza osatafuna, lakuti masewela a pa TV ndi katundu monga shuga na saladi: ali na ndalama agule, alibe akhale. Ine ndikana. Premier League ya ku England aigulitse mmene afunila, ndi yao. Koma Chipolopolo, Copper Queens na ligi yathu ya kuno siziyenela kukhomeledwa m'dekoda imene imazima tsiku limene ndalama yolipila yatha. Kuti muone kumene njila iyi imathela, ndikupelekani ku masewela amene ambili a ife pa Kaunda Square sitinawatambepo ngakhale kamodzi, cricket.

Musaseke. Ku England cricket ndi masewela akulu, ndipo kwa zaka zambili anali kuoneka ulele pa BBC. Dziko lija lili na mndandanda wa m'lamulo wa masewela amene ayenela kuoneka pa TV ya ulele: World Cup, Olympics, fainolo ya FA Cup, na ena. Masewela a timu ya dziko ya cricket amene amachedwa Test, akamacitikila kwao, anali pa mndandanda umenewo. Mu 1998 bungwe loyendetsa cricket, ECB, linakakamiza boma kuti liwacotse pa gulu lotetezedwa kothelatu, kuti akwanitse kuwagulitsa kwa aliyense wobwela na ndalama zambili. Boma linavomela. Kwa zaka zingapo palibe amene anamva kuwawa, cifukwa Channel 4, imene nayo ndi ya ulele, ndiyo inali kuonetsa.

Mu 2005 England inagonjetsa Australia pa mpikisano wao wakale wa Ashes, cinthu cimene anali asanacite kwa zaka pafupifupi 19. Pa tsiku lina la mpikisanowo anthu opitilila 8 miliyoni anali pa TV nthawi imodzi. Anthu amene sanali kudziwa na malamulo a masewelawo anayamba kufunsa. Ndiye pamene moto unali utangoyaka conco, caka cotsatila cricket yonse ya England inalowa m'dekoda ya Sky, pa pangano la ndalama pafupifupi mapaundi 220 miliyoni kwa zaka zinayi. Mu 2009 England inagonjetsanso Australia pabwalo lao. Otamba pa Sky sanafike na 2 miliyoni. Timu imodzimodzi, mdani mmodzimodzi, cikho cimodzimodzi, koma anthu ambili anangomva kuti kunali masewela.

Panapita zaka 14 kuti timu ya England ionekenso ulele pamene ikusewela. Pa 14 July 2019, fainolo ya World Cup pa Lord's, England na New Zealand, Sky inalola Channel 4 kuti nayo ionetse, ndipo otamba anapitililanso 8 miliyoni. Anthu sanaleke kukonda cricket, anangowatsekela citseko. ECB yeniyeniyo inaona zimenezi: kuyambila 2020 inabweza masewela ena ku BBC, ndipo mu 2021 inayambitsa mpikisano watsopano, The Hundred, kuti ikoke ana na mabanja amene inawataya yokha. Ndalama za Sky zinamanga zambili, palibe wotsutsa. Koma pambuyo pake anayamba kuononga ndalama zimodzimodzizo kufunafuna ana amene kale anali kubwela okha.

Manje bwelani kuno kwathu. Zambia ili na cricket, ndipo si ya dzulo. Pa World Cup yoyamba ya cricket mu 1975 panali timu ya East Africa, ya osewela ocokela ku Kenya, Uganda, Tanzania na Zambia. Mu 2021 bungwe la dziko lonse, ICC, linacotsa Zambia pa umembala, ndipo inabwelelamo mu 2025. Cimene cinacotsetsa Zambia anali mavuto a kayendetsedwe ka bungwe lathu, osati TV. Koma funsani m'basi ya ku Chelstone kuti ndani anamva kuti tacotsedwa. Ndani anadandaula? Palibe, cifukwa munthu salila malilo a munthu amene sanamuonepo. Kwa mwana wa ku Stage 1, cricket ndi cinthu cimene cimaoneka pa canelo ca bukee yodula m'nyumba za ku Kabulonga, akakhala na mwayi wopita kumeneko. Umu ndiye mmene masewela osaoneka amakhalila: alipo, koma kwa ife kulibe.

Mudzati bola siingafike pamenepo, ili m'magazi. Ku England naonso anali kuganiza conco za cricket yao. Bola inalowa m'magazi athu cifukwa inali kutipeza kulikonse popanda kulipila. Makolo athu anaiona na makutu, pa wailesi, Dennis Liwewe akukuwa mpaka mau kutha. Pa 12 February 2012, pamene Stoppila Sunzu anamenya penati yothela ku Libreville ndipo tinagonjetsa Ivory Coast 8-7, nyumba iliyonse ya TV na kawaya pa denga inali kutamba ZNBC, ndipo amene analibe TV anadzaza pa sitting'i ya aneba. Usiku ule ana ambili amene lelo acaya bola m'matimu athu anasankha cimene afuna kukhala. Palibe makolo amene anawalipilila cisankho cimeneco.

Kucokela nthawi ija zinthu zasuntha pang'onopang'ono, mmene nkhuku imazolowelela cingwe. Ligi yathu inayamba kuoneka pa SuperSport mu 2007, ndipo kucokela pamenepo kutamba Zanaco, Nkana kapena Power Dynamos uli pa nyumba kwakhala nkhani ya dekoda. Mu 2017 TV yakale ya analogi inazimidwa m'matauni a m'mbali mwa njanji, Lusaka pamodzi, ndipo kawaya ka pa denga kanaleka kukwanila kokha. Dzina la kampani pa dekoda lingasinthe, GOtv, DStv, TopStar, koma funso kwa amai a pa msika wa Kaunda Square limakhala limodzi pa kutha kwa mwezi: unga, lendi, mayunitsi a malaiti, kapena bola?

Ndiye mwana amene kwao sanalipile amatamba kuti? Yendani madzulo a pa Ciwelu muone. Ali pa windo ya bala, kuimilila pa kileti. Ali pa citseko ca shopu ya kubecha, kumene TV siizima cifukwa eni ake adziwa kuti bola ndiyo nyambo. Lamulo likana mwana wosafika zaka 18 kulowa m'malo awili onsewa, koma ife tamucotsela bola pa nyumba na kumusiyila malo amenewo cabe. Pambuyo pake tidabwa kuti mnyamata wa giledi 9 adziwa maodi kupambana maina a osewela. Amene ali na foni amagula bando na kufunafuna malinki amene amaima pa nthawi imene bola ili pa golo, ndipo amamva aneba akukuwa iye akali kutamba kona.

Ndipo mtsikana? Apa ndiye pamandiwawa kwambili. Mnyamata angaimilile pa windo ya bala, anthu adzangoti ndi wopulupudza. Mtsikana wa zaka 12 akaimilila pamenepo, komboni yonse idzakamba, ndipo kunyumba mkwapulo umuyembekeza. Barbra Banda anaika zigoli zitatu-zitatu pa masewela awili otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Copper Queens anafika ku World Cup koyamba mu 2023. Timanyadila zimenezi, ndipo ndi bwino. Koma masewela a atsikana akakhala a dekoda cabe, mtsikana amene angatenge malo a Barbra sadzamuona akusewela. Kwa iye TV ya pa nyumba ndiyo bwalo lokha limene aloledwa kulowamo.

Ndidziwa zimene a FAZ na eni matimu adzayankha, ndipo si zopusa. Makamela amadula. SuperSport inabwela na magalimoto oulutsila, inaonetsa osewela athu ku maiko ena, ndipo ndalama za TV zinafika ku matimu amene kale anali kudalila za pa geti. ZNBC payokha siingapikisane pa mtengo. Zoona zonsezi. Koma palibe amene akuti dekoda iphwanyidwe. Maiko amene amakonda masewela ao anapeza njila ya pakati. India, kumene cricket ili na ndalama zoopsa kuposa kwina kulikonse, inapanga lamulo mu 2007 lokakamiza aliyense wogula masewela ofunika ku dziko kuti agawane cithunzi na Prasar Bharati, kampani ya boma youlutsa. Australia ili na mndandanda wace. South Africa, kwao kwa SuperSport, ili na malamulo a ICASA a masewela a dziko. Kumeneko naonso sizimayenda bwino nthawi zonse: mu 2023 SABC inapeza cilolezo coonetsa Rugby World Cup kutangotsala maola kuti iyambe. Koma anthu anali na pogwila pokuwa, ndipo Springboks anaoneka.

Kuno amene ayenela kutikuwila ndi ZNBC, ndipo apa pali mfundo imene siikambidwa kawilikawili. ZNBC ili na magawo 49 pa 100 mu MultiChoice Zambia, eni DStv na GOtv kuno. Ilinso na magawo 40 pa 100 mu TopStar, otsalawo ndi a StarTimes ya ku China. Kutanthauza kuti iwe ukatopa na kusowa bola pa TV1 n'kupita kukalipila dekoda, ZNBC siinaluze kasitomala, yadya mbali ina ya mbale. Ngakhale TV levy, imene inali K5, mu 2018 inayamba kutengedwa pa ndalama yolipila dekoda, osati pa malaiti monga kale. Munthu amene amadya uku na uku, mungamutume kuti akamenyele bola ya ulele na mtima wonse? Sindinena kuti pali wakuba. Ndinena kuti tamanga nyumba mwa njila yakuti palibe aliyense mkati mwace amene amaluza mwana wa pa Kaunda Square akalephela kutamba.

Ndiye cifukwa cace nkhani iyi siingasiyidwe ku cifundo ca makampani. IBA, bungwe loyang'anila zoulutsa, itulutse mndandanda wolembedwa umene aliyense angawelenge: masewela onse a Chipolopolo na Copper Queens, kwathu na kwina, AFCON, COSAFA, fainolo ya ABSA Cup, na masewela amodzi a ligi wiki iliyonse. Wogula agule, aonetse na makamela ace abwino, koma awa awagawane na TV ya ulele pa mtengo umene ZNBC ingakwanitse. Mawailesi a m'makomboni aloledwe kuulutsa masewela amenewa popanda kulipila ndalama zimene sitingazipeze. Pa wailesi imene ndimathandizako, tsiku la masewela mafoni ambili safunsa nyimbo, afunsa kuti zigoli zili bwanji. Akanena kuti lamulo silikwanila, Kaunda Square ili mu Munali, ndipo Munali ili na MP. Tsiku limene adzabwela kudzapeleka majezi pa tonamenti, mufunseni pamaso pa anthu ngati adzaipeleka nkhani iyi ku Nyumba ya Malamulo.

A FAZ, pangano lililonse la TV limene musaina, tiuzeni kuti ndi masewela angati amene mwasiyila anthu opanda dekoda. Nambala cabe, osati sipichi. Ndipo inu a Zambia Cricket Union, mwabwelela mu ICC, zikomo. Mulibe otamba oti mugulitse, conco musathamangile dekoda. Tengani masewela anu, ngakhale a masukulu, mupite nao ku Mass Media pa Alick Nkhata Road, muwapeleke ulele, ndipo mupemphe munthu woti aziwafotokoza m'Cinyanja.