Madzi a m'mitsinje ya ku Domwe ayezedwe mgodi usanafike

Abale ndi alongo a ku Domwe ndi midzi yonse ya m'malire, ife amene timakhala pa mapiri a Angonia tili kumutu kwa madzi. Mvula ikagwa kuno, madzi ambiri amatsikira mu Revubwe, mtsinje umene umadutsa m'boma la Moatize n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Madzi omwewa ndiwo timamwa, timathirira mbatata ndi kabichi m'madimba, ndiponso ng'ombe zathu zimamwa. Tsono ndani adayezapo madzi amenewa n'kutiuza zimene zili m'kati mwake?

Ena ati kuno kulibe mgodi wa malasha, nanga tivutikirenji? Ndi zoona, malasha akukumbidwa ku Moatize, kumene kampani ya Vale idayamba kutulutsa malasha mu 2011 ndipo idagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022. Koma m'maboma a Makanga ndi Chifunde anthu amakumba golide, ndipo anyamata athu ena amapita komweko kukafuna ndalama. Tsiku lina wina adzapeza mwala wa mtengo wapatali kumtunda kwa mudzi wathu, ndipo makasu ndi makina adzafika mofulumira kuposa munthu woyeza madzi.

Madzi a mumgodi amaipa motere. M'miyala ina ya pansi, makamaka ya pamodzi ndi malasha, muli mwala wotchedwa pirite. Ukafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi, umapanga asidi, ndipo asidiyo amasungunula zitsulo za m'miyala n'kuzitengera kumtsinje. Nawo okumba golide ambiri amagwiritsa ntchito mekyule pogwira golide. Mekyule ameneyu amakhazikika m'matope, amalowa m'nsomba, ndipo amawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Madzi otere akhoza kuoneka oyera mbee. Kuwawiritsa kapena kuthiramo Certeza kumapha tizilombo ta kolera, koma zitsulo zimatsala momwemo.

Taonani zimene zidachitika kwa anzathu. Ku Zambia, pa 18 Febuluwale 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa wa kampani ya Sino-Metals ku Chambishi lidagumuka. Madzi a asidi adafika mu mtsinje wa Kafue, nsomba zidafa, mbewu za m'mphepete zidapsa, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipopi. Kwathu konkuno, chaka chomwecho, boma lidaimitsa ntchito za migodi m'chigawo cha Manica kamba koti okumba golide adaipitsa mitsinje. Konseko anthu a m'midzi ndiwo adayamba kuona tsokalo.

Maganizo anga ndi akuti madzi athu ayezedwe tsopano, asanaipe. Mwini mgodi akadzanena kuti mtsinjewu udali choncho kuyambira kale, tidzamtsutsa ndi chiyani ngati tilibe pepala la m'mbuyo? Mlandu wopanda mboni suvuta kuukana.

Kuyeza kwake kukhale kwa chilungamo. Madzi atungidwe malo atatu: kumtunda kwa mgodi, pamene mgodi ukutayira madzi ake, ndi kumunsi kumene amayi amatunga. Atungidwe m'chilimwe mtsinje utachepa, ndiponso m'dzinja madzi osefukira akukokolola milu ya dothi. Kuwawasa kwa madzi kumayezedwa ndi muyeso wa pH, ndipo madzi akumwa ayenera kukhala pakati pa 6,5 ndi 8,5. Muyeso umenewu ungatengedwe pamtsinje pomwepo ndi kapepala kosintha mtundu, moti mphunzitsi ndi ana a sukulu angathe kulemba m'kope mwezi ndi mwezi. Koma mekyule ndi zitsulo zina zimafuna labotale, ndipo apa ndi pamene boma liyenera kutithandiza.

Malamulo alipo kale. Decreto 18/2004 idaika malire a zoipa zimene kampani ingatayire m'madzi. Bungwe la boma la AQUA lili ndi udindo woyendera ndi kuona ngati malirewo akutsatidwa. Lamulo la 34/2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga umene uli m'maofesi a boma. Chovuta n'chakuti zotsatira za kuyeza zimalembedwa m'Chipwitikizi n'kusungidwa ku Tete kapena ku Maputo, pamene womwa madziwo ali ku Domwe. Ndiponso si bwino kudalira mapepala a kampani yokha, pakuti fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi.

Choncho mafumu ndi anyakwawa athu apite kwa mkulu wa posto ya Domwe ndi kwa administrador ku Ulongwe, akapemphe kuti mitsinje imene timamwa iyezedwe, pakhale anthu a m'mudzi poona madziwo akutungidwa, ndipo zotsatira ziwerengedwe m'chinenero chathu pa msonkhano, pepala lake likhomedwe pa chipatala ndi pa sukulu. Ifenso tikaona nsomba zikuyandama, madzi atafiira popanda mvula, kapena mbewu za m'dimba zikupserera, tilembe tsiku ndi malo, tikanene msanga kwa mfumu ndi ku posto.