Limoti ya drone ya sikilini: mugule, kapena muonjeze mabatili?

Masiku ano mu Lusaka cikwati sicisila popanda ka drone kulila pamwamba pa mitu ya anthu. Kitchen party ku Chilenje, vidiyo ya nyimbo ku Matero, olo kuvundukula mwala ku manda, kasitomala akalibe kufunsa mtengo wayamba kale kufunsa ati, "Nanga drone ilipo?" Niye cifukwa ambili a imwe amene mugwila nchito ya kamela muli pa kusunga ndalama, ena mwalowa na mu cilimba. Manje tsiku lamene muzafika kwa wogulitsa, azakuikilani mabokosi awili pa kaunta. Drone ni imodzimodzi, kamela ni imodzimodzi, koma bokosi lina ni lodula. Kusiyana kuli pa limoti cabe, ndipo wogulitsa azakuuzani kuti akatswili onse atenga yodula. Kaili nayenso afuna kudya.

Tikambe za DJI, cifukwa niyo yadzala mu vikwama va anyamata kuno. Malimoti ake ali pawili. Yoyamba ni ija ilibe sikilini, RC-N1, RC-N2 kapena RC-N3 kulingana na drone. Mumangilila foni yanu pamwamba, mulumikiza na ka nthambo, mutsegula app ya DJI Fly, basi foni yakhala maso anu. Yaciwili ni DJI RC na mng'ono wake RC 2, yamene ibwela na sikilini yakeyake ya mainchi 5.5, na app ili kale mukati. Pamene Mini 3 Pro inatuluka mu 2022, ku America inali $759 na limoti wamba, $909 na ya sikilini. Mini 4 Pro ya mu 2023 inali $759 na $959. Mwaona? Ni $150 mpaka $200 pamwamba, ndipo iyo ni mitengo ya kwao. Ikanipo ndalama ya ndeke, msonkho na phindu ya wogulitsa, muculukitse na rate ya lelo ku bureau, muzapeza kuti ni lenti ya miyezi ingapo mu komboni.

Camene wogulitsa sazakuuzani ni ici: limoti sijambula. Kamela ili pa drone, ndipo vidiyo ingena pa memory card ili mukati mwa drone. Vamene muona pa sikilini ni cithunzithunzi cabe cokuthandizani kuyendetsa. Anyamata awili aulutse Mini 4 Pro pa cikwati cimodzi, uyu na RC 2, uyu na RC-N2 na foni yosweka pa kona, 4K yamene izafika pa laptop ni yolingana. Mkwatibwi sazaoneka bwino kupambana cifukwa ca limoti. Ngati muganiza kuti $200 ija izakongoletsa vithunzi vanu, isungeni.

Nayo nkhani ya mtunda ni cimodzimodzi. Signal iyenda pakati pa limoti na drone, foni silowamo. RC 2 ili na ma antenna oonjezela, ithandizako pang'ono pamalo povuta, koma makilomita 20 amene alemba pa Mini 4 Pro ni a pa cigwa palibe nyumba olo Wi-Fi ya munthu. Pakati pa malata na ma tower a ku Kanyama, iwalani. Ndipo kodi mufuna cani ku makilomita 20? Cikwati cili pano pamene mwaimilila.

Manje mugula cani na ndalama izo? Coyamba, mugula foni yanu kuti ibwelele mu thumba. Ici anthu acipeputsa mpaka cawagwela. Foni ya munthu wa kamela niyo ofesi yake: niyo ya WhatsApp ya makasitomala, niyo ya mobile money, niyo yamene ba matron na ba MC atumilapo kufunsa kuti muli kuti. Ganizani motoka ya akwati yangena pa geti, drone ili pamwamba ilondola bwinobwino, ndiye pa sikilini pabwela dzina la ba landlord. Mungaike foni pa airplane mode, zoona, limoti izagwila nchito ndithu. Koma ndiye kuti ba komiti sangakupezeni, ndipo pa cikwati pulogilamu isintha mphindi iliyonse.

Caciwili ni nthawi. Na limoti wamba, mucotsa foni mu kava, mukoka copanila, mufuna nthambo yoyenela, mulumikiza, muyembekeza app itseguke. Nthawi zina foni ikana kuona limoti, mucotsa nthambo na kubwezanso. Na RC muyatsa cabe, mumangilila tumitengo tuwili, mwauluka. Ku munthu woseweletsa pa Sondo masana, mphindi ziwili izo si kanthu. Koma akwati atuluka mu chalichi kamodzi cabe, ndipo palibe abusa amene azawabweza mukati ati wa drone sanakonzeke.

Cacitatu ni dzuwa. Imwe amene munajambulapo panja mu October mudziwa vamene foni icita: itentha monga mbaula, sikilini yazizimilila yokha kuti iziteteze, mwatsala muona nkhope yanu cabe. Apo foni ili pa nchito zitatu, ionetsa vidiyo, ilandila moto kucokela ku limoti, na dzuwa liiwocha. Sikilini ya RC na RC 2 iwala 700 nits, ndipo sifulumila kugwa monga ya foni. Koma musanamizidwe, 700 si matsenga. Pa 12 koloko muzafunabe mthunzi wa mango olo munthu wokugwililani ambulela. Yamene iwala zoona ni RC Pro, 1,000 nits, na pobaila HDMI kuti anthu aonelele pa sikilini ikulu. Iyo inatuluka pa $1,199, kudula kupambana Mini 4 Pro yonse na limoti yake. Ni ya makampani a mafilimu na a migodi, ise a kitchen party tiipatse moni cabe tipitilile.

Koma camene cidula mlandu kwa ambili a ise ni mtundu wa foni ili mu thumba. DJI Fly ni app yolema. Ku Android sipezeka na pa Play Store, muitenga pa website ya DJI, ndipo ifuna foni ya 64-bit ili na mphamvu. Tumafoni tochipa twa Android Go twamene tadzala mu komboni, twina tukana kuiika, twina tuivomela koma vidiyo iyenda modukaduka, kapena app yazitseka yokha drone ili mu mwamba. App ikatseka drone siigwa iai, tumitengo tugwilabe nchito, na batani yoitana drone kuti ibwelele pamene inanyamukila ili pa limoti. Koma muli wakhungu, pansi pali anthu 200, tenti, na nthambo za malaiti. Ni pamalo ngati apo pamene munthu ataya drone na dzina pa tsiku limodzi.

So masamu ni aya. Ngati foni yanu siikwanitsa, simusankha pakati pa limoti yochipa na yodula. Musankha pakati pa limoti yodula na limoti yochipa kuikapo foni yatsopano. Apo RC ipambana mosavuta, cifukwa foni ya $200 sizakupatsani app yokhazikika monga yamene anapangila nchito iyo imodzi. Koma ngati muli kale na iPhone olo Samsung ya mphamvu, makamaka ngati muli na yaciwili ili cabe mu dilowa, mwapeza kale pafupifupi vonse vamene RC igulitsa. Cotsani SIM, fafanizani ma app ena onse, ikhale ya drone cabe. Ndipo kuyesa ni mahala: ikani DJI Fly pa foni yanu lelo, mukalibe kulipila ngwee, ndiye mupemphe mnzanu ali na drone mulumikize muone ngati iyenda bwino.

Manje mbali inayo. Batili imodzi ya Mini inali $65 pamene inatuluka, kutanthauza kuti $200 ija ni mabatili atatu. Pa bokosi alemba mphindi 34, koma na mphepo, na kukwela na kutsika, na kusiyako moto wobwelela nao, muzajambula mphindi 20 na cakuti. Cikwati ciyamba m'mawa ku saluni, cipita ku chalichi, ku vithunzi, cisila usiku ku holo. Batili imodzi ifika kuti? Tinaona mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, mmene malaiti anali kupitila pafupifupi tsiku lonse. Munthu ali na mabatili anayi ochaja acoka pa nyumba na mtima uli pansi. Uja wa limoti yonyezimila na batili imodzi muzamupeza ku kicheni ya holo, wakhala pafupi na soketi monga alonda mphika, uku ba line-up avina panja. Nayo limoti ya sikilini idya moto: RC 2 ikhala pafupifupi maola atatu, pamene RC-N2 ingafike sikisi ngati siichaja foni.

Ganizilaninso tsiku lamene izagwa pa simenti. Sikilini ya foni ikasweka, mupita ku Katondo Street olo ku Town Centre, pofika madzulo mwabwelela pa nchito. Olo mubweleka foni ya mlongo wanu, Ciwelu capita bwino. Sikilini ya RC ikasweka, limoti yonse yagona, ndipo spare yake ni ya kuitanitsa kunja na kuyembekeza masabata, uku ma deposit a anthu munadya kale.

Imwe okonda kugula va second hand pa Facebook, apa tsegulani maso. Malimoti aya sagwila drone iliyonse. DJI RC yoyamba igwila Mini 3, Mini 3 Pro, Air 2S na Mavic 3, koma Mini 4 Pro iikana. RC 2 igwila Mini 4 Pro na Air 3, koma Mini 3 Pro iai. Mini 2 na Mini 4K, zamene ambili ayambila cifukwa ca mtengo, sizigwila na iliyonse pa ziwili izi. Musatume ndalama mukalibe kuona limoti na drone valumikizana pamaso panu, drone yanyamuka. Ngati mugula na drone yake, mwine wake aicotse pa account yake ya DJI muli pamenepo. Akayamba ati azacita mailo, imwe nyamukani.

Kuli ena akamba ati RC ni yoipa cifukwa ilibe SIM ndipo simungaikepo TikTok. Zoona, ifuna hotspot kuti itenge mapu na ma update, ndipo ma app ena siivomela. Koma ici sicinidetsa nkhawa kwambili. Ambili mwa ma drone aya ali na QuickTransfer, foni ikoka vidiyo kucokela ku drone mwacindunji, muika pa status akwati akalibe kudula keke.

Nanga maonekedwe? Tisabise, mu Lusaka cida cikamba. Ba tate a mkwatibwi akaona limoti ya sikilini na ma antenna, akhulupilila kuti ndalama yao yapita kwa munthu wodziwa. Akaona foni ili na sitika ya Arsenal kumbuyo, ayamba kufunsa ngati mungacotseko pa mtengo. Ici cingakuthandizeni kutseka nchito yoyamba. Koma wamene azakuitanani mwezi wa mawa ni uja anaona vidiyo pa WhatsApp, ndipo mu vidiyo limoti sioneka.

Pa bajeti imeneyo musiyeko na malo a mapepala. Ma drone kuno ayang'anilidwa na Zambia Civil Aviation Authority, ndipo kuulutsa kuti mulandile ndalama kufuna cilolezo, olo ka drone kakhale kocepela magalamu 249. Pitani mufunse vamene afuna mukalibe kugula. Pafupi na airport, State House na makampu a asilikali, musayese n'komwe, limoti iliyonse yamene muli nayo.

Kwa ine nkhani ili tele. Ngati ni drone yanu yoyamba, ndalama ni yowelenga ndipo foni yanu ikwanitsa, tengani limoti wamba, mabatili atatu, memory card yothamanga na ma ND filter a dzuwa. Ngati foni ni yofooka, kapena muli kale na nchito Ciwelu ciliconse ndipo foni siileka kulila, tengani ya sikilini, muzaiyamikila. Koma musankhe pa tsiku logula drone. RC 2 payokha inatuluka pa $369, pamene mu bokosi limodzi na drone munali kuonjeza $200 cabe. Ndipo ngati thumba lilola, funsani Fly More Combo ya Mini 4 Pro: inali $1,099, mukati muli RC 2, mabatili atatu, cochajila onse atatu na cikwama. Kucoka pa $959 inali $140 cabe, ndipo mabatili awili aja paokha anali $130 kale.