Kodi Wailesi Yolipira Mwezi ndi Mwezi Njoyenera Mlimi?

Achikumbe anzanga, ena mwa inu mutagulitsa fodya munaika mbale ya setilaiti padenga, ndipo mumalipira mwezi uli wonse kuti mumvere wailesi. Ine ndikuti pofika October lekani. Ndalama za mlimi zimadza kamodzi pachaka, koma wailesi imeneyi imafuna zake ngakhale mu February, nkhokwe itaguga.

Ndiponso wolipira sakhala mwini. Kampani ya WorldSpace, imene inkaulutsa mawu ku Africa kudzera pa setilaiti, inagwa ndi ngongole mu 2008, ndipo patapita nthawi mawailesi amene anthu anagula anangoti zii.

Za nyengo ndi za misika mumazimva ulere pa MBC, bola mabatire. Ndalama zinazo gulirani feteleza mvula isanagwe.