Tisabwereke Maganizo a ku London pa Zisankho za ku America

Nthawi iliyonse pamene dziko la America likukonzekera kusankha Pulezidenti, nkhani yake imafika ngakhale ku midzi ya kwa Nsabwe m'boma la Thyolo, kumene mabanja ambiri ali ndi mbale wawo wothyola tiyi ku maesiteti. Imakambidwa pa sikelo poyembekeza kalaliki, imakambidwanso pa golosale madzulo. Chimene sitidzifunsa n'chakuti kodi nkhaniyo yadzera njira iti kuti itipeze. Mbali yake yaikulu imadzera ku London. Kuyambira nthawi ya makolo athu takhala tikutchera khutu ku wailesi ya BBC, ndipo alembi a nyuzi m'dziko muno, osapatulapo ife a tsamba lino, tidakula tikuwerenga nyuzipepala za Angerezi. Tsono Mngerezi akanena kuti mwa opikisana awiriwa wabwino ndi uyu, woipa ndi uyo, ife timavomera msanga ngati kuti taziona ndi maso athu.

Tikufuna kuchenjeza awerengi athu za chizolowezi chimenechi. Angerezi ali ndi ufulu wokonda ndi kudana ndi amene afuna, koma poyeza atsogoleri a ku America amayang'ana zosowa za dziko lawo: chitetezo cha ku Ulaya, malonda awo, ndiponso ngati munthuyo amalankhula mwaulemu umene iwo adazolowera. Palibe pamene amaganizira za chipatala cha ku Thekerani kapena za mtengo wa tiyi pa msika wa ku Limbe, ndipo si udindo wawo kutero.

Ngakhale ku America komweko mau a Angerezi salowa m'khutu. M'chaka cha 1888, zaka zitatu Angerezi asanakhazikitse ulamuliro wawo m'dziko muno, kazembe wa Britain ku Washington, a Lionel Sackville-West, adalandira kalata yochokera ku California. Wolembayo adadzitcha Charles Murchison, nati iye adabadwira ku Britain koma tsopano ndi nzika ya America, ndipo akupempha malangizo a munthu woyenera kumuvotera. Kazembeyo adayankha mosonyeza kuti Pulezidenti Grover Cleveland ndiye adali wokomera dziko la Britain. Sadadziwe kuti udali msampha wotcheredwa ndi munthu wa chipani cha Republican. Yankho lija lidasindikizidwa m'nyuzipepala kutatsala masabata ochepa kuti anthu aponye voti, ndipo lidakwiyitsa makamaka anthu ochokera ku Ireland, amene adali ambiri ku New York ndipo sadali kuwafuna Angerezi mpang'ono pomwe. A Cleveland adathamangitsa kazembeyo, koma madzi adali atatayika kale. Adagonja ku New York, ndipo mpando udapita kwa a Benjamin Harrison.

Zotere zidachitikanso m'chaka cha 1992, pamene akuluakulu ena a chipani cha Conservative cha a John Major adathandiza a George Bush aakulu pa kampeni yawo. Adapambana ndi a Bill Clinton, ndipo ubale wa atsogoleri awiriwo udayamba mozizira.

Koma nkhani imene iyenera kutiphunzitsa kwambiri ndi ya m'chaka cha 2004. Nthawi imeneyo anthu ambiri a ku Britain adali ataipidwa ndi a George W. Bush chifukwa cha nkhondo ya ku Iraq, ndipo pa chimenechi sitikuwatsutsa, pakuti nkhondo ija idapulula anthu osawerengeka pa zifukwa zimene pambuyo pake zidapezeka kuti sizidali zoona. Nyuzipepala ya The Guardian idapempha awerengi ake kuti alembe makalata kwa ovota a m'dera la Clark County ku Ohio, cholinga chake chili chakuti asankhe a John Kerry. Anthu zikwizikwi adapempha makeyala. Mayankho ambiri ochokera ku America adali aukali, ena achipongwe chenicheni, okumbutsa Angerezi kuti America adaleka kalekale kulamulidwa ndi mfumu ya ku London. Dera limenelo, limene m'chaka cha 2000 lidasankha a Al Gore ndi mavoti 324 okha pamwamba pa a Bush, m'chaka cha 2004 lidasankha a Bush. Sitikunena kuti makalatawo ndiwo adagwetsa a Kerry, koma n'zoonekeratu kuti sadawathandize. Zotsatira zitatuluka, nyuzipepala ya Daily Mirror idafunsa pa tsamba lake loyamba kuti zatheka bwanji kuti anthu 59 miliyoni apuse chotere.

Ambiri a ife tidaseka nawo pamodzi. Koma tiyeni tifunse chimene munthu wonyozedwayo adachita pa nkhani zokhudza mudzi wathu. M'mwezi wa Januwale, chaka cha 2003 chisanapite patali, a Bush adalengeza ntchito ya PEPFAR, yoika padera madola 15 biliyoni pa zaka zisanu kuti alimbane ndi Edzi. Amene adali ku Thyolo m'zaka zimenezo akukumbukira m'mene maliro adachulukira, m'mene akalipentala adalekera mipando nayamba kukhoma mabokosi, ndi m'mene maesiteti adatayira akapitawo ndi antchito odziwa ntchito yawo. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa m'boma lino m'chaka cha 2003 mothandizidwa ndi madokotala a bungwe la MSF, ndipo m'chaka cha 2004 Boma lidayamba kuwapereka ulere ndi ndalama za Global Fund, thumba limene dziko la America lakhala likuponyamo ndalama zambiri kuposa dziko lina lililonse. M'zaka zotsatira ndalama za PEPFAR zidafikanso m'zipatala zathu. A Bush omwewo ndiwo adayambitsa m'chaka cha 2005 ntchito yolimbana ndi malungo imene idatibweretsera masikito ndi mankhwala, ndiponso bungwe la Millennium Challenge Corporation m'chaka cha 2004, limene pambuyo pake lidapereka madola 350 miliyoni okonzera magetsi athu, kuphatikizapo makina a ku Nkula. Mai wa kwa Nsabwe amene ali moyo lero chifukwa cha mankhwala aja akadakhala ndi voti, sitikhulupirira kuti akadatsata uphungu wa The Guardian.

Wina anena kuti m'chaka cha 2024 Angerezi adalondola. Kafukufuku adasonyeza kuti ambiri a iwo adali kufuna Mai Kamala Harris, ndipo a Donald Trump atalowa m'boma pa 20 Januwale 2025 adaimitsa thandizo lopita ku maiko akunja tsiku lomwelo. Bungwe la USAID lidatsekedwa m'chaka chomwecho, anthu ambiri a zaumoyo m'dziko muno adataya ntchito, katundu wathu wolowa ku America adaikiridwa msonkho watsopano, ndipo m'mwezi wa Ogasiti 2025 Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndiwo adali oyamba kuuzidwa kuti wofuna chiphaso chokachezera ku America ayambe wapereka chikole chofika madola 15,000. Zonsezi n'zoona ndipo zidatipweteka.

Komabe tiyeni tione chimene Angerezi adachita ndi maganizo awo aja. Choyamba, sadali amodzi: a Nigel Farage adaima pa nsanja ya a Trump ku Mississippi m'chaka cha 2016, ndipo Mai Liz Truss, amene adakhalapo Nduna Yaikulu, adawachemerera poyera m'chaka cha 2024. Mbali inayi, anthu a chipani cha Labour adapita ku America kukathandiza Mai Harris, mpaka a kampeni ya a Trump adakadandaula ku bungwe loyang'anira za zisankho m'mwezi wa Okutobala 2024. Koma chisankho chitangotha, boma la Labour lidasintha malankhulidwe. A David Lammy, amene m'chaka cha 2018 adanenera a Trump mau owawa kwambiri, adapezeka ali Nduna Yoona Zakunja yofunafuna ubale ndi munthu yemweyo. Pa 27 Febuluwale 2025 Nduna Yaikulu a Keir Starmer adafika ku White House atanyamula kalata ya Mfumu Charles yoitana a Trump kuti akacheze ku Britain. Masiku awiri ulendowo usanachitike, a Starmer adalengeza kuti thandizo la Britain ku maiko osauka litsitsidwa kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dziko lawo, kuti ndalamazo zipite ku asilikali. Nduna yoona za thandizolo, Mai Anneliese Dodds, adatula pansi udindo sabata yomweyo. Amene tidali kudandaula nawo pamodzi adakonza nyumba yawo, ndipo mbali ya ndalama zokonzera idachokera m'mbale yathu.

Sitikuwaimba mlandu. Boma lililonse limayamba laona anthu ake, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene tikudandaula n'chakuti ife tidataya miyezi yambiri tikubwereza zokonda za eni ake m'malo mowerengera zathu. Zoti thandizo lakunja lidzaunikidwanso a Trump akapambana sizidali zobisika. Pa ulamuliro wawo woyamba adapempha kangapo nyumba ya malamulo ya dziko lawo kuti ilichepetse. Nyuzipepala zathu, ndi ife tomwe, tidalemba zambiri za mikangano ya pa kanema ndi za mau achipongwe a opikisanawo, koma zochepa kwambiri za chimene chingachitike ku chipatala cha boma la Thyolo ndalama zikaima.

Ndipo tisaganize kuti America sitingamudziwe popanda womasulira wa ku London. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa idayamba m'chaka cha 1902 pansi pa a Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. A John Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia. Lero tili ndi kazembe ku Washington ndi ana athu ambiri ophunzira ndi ogwira ntchito kumeneko, amene angatiuze zimene opikisana akulonjeza pa za thandizo, misonkho ndi ziphaso.

Kwa atsogoleri athu tili ndi mau ena apadera. Dziko la America lidathamangitsa kazembe wa Britain m'chaka cha 1888 osataya kanthu. Ife tidachita chimodzimodzi m'mwezi wa Epulo 2011, pamene malemu Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo konkuno, adapitikitsa a Fergus Cochrane-Dyet chifukwa cha kalata yachinsinsi yowadzudzula imene idaululika. Britain nayenso adabweza woimira dziko lathu ku London, ndipo m'mwezi wa Julayi adaimitsa thandizo lake la ku bajeti, pa nthawi imene mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta idali italika kale. Dziko laling'ono likasemphana mau ndi dziko lalikulu, wolipira ndi munthu wamba. N'chifukwa chake nduna kapena phungu wa m'dziko muno sayenera kuima poyera kuchemerera kapena kunyoza wopikisana aliyense wa ku America. A Lammy adatha kubweza mau awo chifukwa Britain ali ndi zambiri zoti apereke posinthana. Ife tilibe zotere.

Chisankho china cha Pulezidenti ku America chidzachitika m'mwezi wa Novembala 2028. Chisanafike, tikupempha Unduna Woona Zakunja kuti udzapereke ku Nyumba ya Malamulo lipoti lofotokoza chimene wopikisana aliyense wanena pa nkhani zokhudza dziko lino, ndi Unduna wa Zaumoyo kuti unene poyera kuchuluka kwa mankhwala a Edzi ndi a malungo amene tingagule ndi ndalama zathuzathu thandizo litaimanso. Maiko a mu Africa adalonjezana ku Abuja m'chaka cha 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Aphungu a ku Thyolo afunse Nduna ya Zachuma pa zokambirana za bajeti ikubwerayi kuti tafika pati pa lonjezo limenelo.