Miyala ili kale m'matumba a Bobby Martin

Nkhani ya Shirley Jackson yotchedwa The Lottery inatuluka m'magazini ya The New Yorker pa 26 June 1948, ndipo mpaka lero ili m'gulu la nkhani zifupizifupi zimene aphunzitsi a sekondale ku America amakonda kupatsa ana awo. Ndi yamasamba ochepa chabe. Anthu pafupifupi 300 a m'mudzi wina asonkhana pabwalo m'mawa wa pa 27 June kudzachita maere monga amachitira chaka ndi chaka, ndipo amene maerewo amugwera amagendedwa miyala ndi anzake omwewo. Vuto ndi loti mphunzitsi amafulumira kulemba pa bolodi kuti nkhaniyi ikudzudzula kutsata miyambo mwachimbulimbuli. Ana amakopera, n'kuloweza, basi zathera pomwepo. Ine ndikuona kuti uku n'kuwalanda ana ntchito imene ikanawaphunzitsa kuwerenga.

Ntchitoyo imayamba mwana akawerenga kachiwiri. Koyambirira kwenikweni kwa nkhaniyi, Bobby Martin amakhala atadzaza kale miyala m'matumba, anyamata anzake akuunjika ina pakona ya bwalo. Powerenga koyamba, aliyense amangoti ndi masewera a ana amene angotsekera kumene sukulu. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake afunse funso limodzi lokha: kodi mlembiyu anakuchenjezani pati, inu osazindikira? Ana akabwerera m'mbuyo kukasaka okha, adzaona kuti abambo a m'mudziwo aima patali ndi mulu wa miyalawo, akumwetulira koma osaseka, ndiponso kuti a Summers, oyendetsa maerewo, atapempha wina awathandize kugwira bokosi lakuda, anthu amayamba akayika kaye.

Ndipo akafika pa Tessie Hutchinson, chiganizo cha pa bolodi chija chimayamba kuchepa. Mayiyu afika mochedwa, ali wansangala, akuseka ndi anzake. Maere alibe nawo vuto kufikira pamene mwamuna wake Bill watola kapepala kokhala ndi kadontho kakuda. Apo mpamene akuyamba kudandaula kuti sizinayende mwachilungamo, mpaka kufuna kuti mwana wake wamkazi Eva, amene ali pabanja kale, alowe nawo m'maere a banja lawo. Taganizani, mayi kukankhira mwana wake ku imfa kuti iye apulumuke! Pamapeto pake maerewo akugwera Tessie yemweyo. Steve Adams, yemwe anauza nkhalamba Warner kuti mudzi wakumpoto ukuganiza zosiya mwambowu, ndi amene akupezeka patsogolo pa khamu nthawi yogenda. Mayi Delacroix, amene amacheza ndi Tessie mphindi zochepa zapitazo, akunyamula chimwala chofuna manja awiri. Akanakhala kuti mwambo wokha ndiwo wolakwa, mlandu wonse ukanagwera Warner, amene akuchita maerewa kachi 77 ndipo akuwaikira kumbuyo poyera. Koma Jackson akuloza anthu aulemu, odziwa kumwetulira, amene nkhanza saziona bola zagwera khomo la mnzawo.

Ena anena kuti mayeso amafuna mfundo yaikulu ya nkhani, kalasi ndi yodzaza, nthawi ndi yochepa. Zoona ndithu. Komatu wolemba mayeso amene angatchule Adams ndi Delacroix ngati umboni amaposa mnzake woloweza chiganizo chimodzi, ndipo luso lofufuza umbonili lidzamuthandizanso akadzapatsidwa The Cask of Amontillado ya Edgar Allan Poe, mmene Montresor amanamizira kudera nkhawa chifuwa cha Fortunato kwinaku akumulondolera kumanda. Choloweza chija sichingamuperekeze kumeneko.

Palinso odandaula kuti nkhaniyi ndi yoopsa kwa ana, makamaka poti Davy, kamwana ka Tessie, akupatsidwa timiyala kuti nako kagende mayi ake. Dandauloli si lachilendo. Mu 1948 magaziniyi inalandira makalata ochuluka zedi, ena aukali, ndipo owerenga ena anasiyiratu kuigula. Koma Jackson mwini wake anadzafotokoza kuti mwa olemba makalatawo munali ofuna kudziwa kumene maerewa amachitikira, kuti apite akaonerere. Kalasi imene yamva zimenezi iyenera kupatsidwa mpata wokambirana kuti olemba makalatawo akusiyana bwanji ndi anthu a pabwalo aja, mphunzitsi choko chili m'thumba.